Juliet Anagogoda kwa Ndani?

Mtsikana wina wa Fomu 4 wanditumizira imelo kufunsa kuti pa imfa ya Romeo ndi Juliet, m'sewero la Shakespeare, wolakwa ndani, poti aphunzitsi ake akuti linali tsoka basi. Mwana wanga, funso lakoli ndagona nalo masiku atatu.

Achemwali anga anali ndi zaka 16 pamene anakondana ndi mnyamata wa banja lomwe tinkalimbirana nalo malire a munda. Makalata awo ankanyamula ndi azakhali athu, atawamanga pa nsonga ya chitenje pomwe ankamangapo ndalama. Ine ndinkaona ndili pakhonde. Tsiku lomwe bambo anamva, anaponya chikwama cha achemwali pabwalo, zovala zili mbwee m'fumbi. Achemwali anagwada pamaso pa azakhali, koma azakhali anangoti, "Ine sindikudziwapo kanthu, mverani bambo anu." Achemwali anachoka usiku womwewo, ndipo tinakhala zaka 9 osawaona. Ali moyo, ndimathokoza Mulungu, koma kwathu safikako.

Ndiye munthu akandiuza kuti Juliet anaphedwa ndi tsoka, mtima umandiwawa. Mwanayu anali asanakwanitse zaka 14. Bambo ake, Capulet, akumuuza kuti akwatiwe Lachinayi ndi Paris, mwamuna yemwe amusankhira, apo ayi akafere ndi njala m'misewu ya Verona. Juliet akutembenukira kwa mayi ake, iwo akuti athana naye. Akutembenukira kwa mlezi wake, yemwe anamuyamwitsa, yemwe ankanyamula mauthenga ndipo anabweretsa yekha makwerero a chingwe kuti Romeo akwere, mleziyo akuti kwatiwa ndi Paris, Romeo ndi sanza chabe. Kwa ine Juliet anafera pamenepo. Zakumanda zija n'zotsatira.

Nanga wansembe Laurence? Anakwatitsa Romeo ndi Juliet mobisa, kenako n'kupatsa Juliet mankhwala omugoneka ngati mtembo kwa maola 42. Kuti kalata yake yopita kwa Romeo ku Mantua sinafike chifukwa wansembe John anatsekeredwa m'nyumba poopa mliri, pamenepo ndivomera, ndi tsoka. Koma Juliet atadzuka kumanda, mwamuna wake Romeo atafa kale, Laurence anamva phokoso la alonda n'kuthawa, kumusiya yekha pafupi ndi mpeni. Kuthawa si tsoka ayi. Arthur Brooke, yemwe analemba nkhaniyi mu 1562 Shakespeare asanaitenge, anadzudzula anawo kuti sanamvere makolo. Akuluakulu timakonda chiweruzo chotere chifukwa chimatisambitsa m'manja.

Pa mayeso

Tchula udani wa banja la Romeo ndi la Juliet, ukali wa Tybalt msuweni wa Juliet, ndi phuma la Romeo pogula poizoni. Aphunzitsi ako usawatsutse mwamwano, tsoka nalo ulipatse ndime yake. Kenako sankha mbali imodzi, uimepo ndi umboni. Wanga uli mu Act 3, Scene 5. Uwerengenso, ndipo uwerenge zitseko zomwe mwanayo anagogoda m'mawa umenewo.