Aliyense watseka kamera, ine ndikungoyankhula ndekha

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti bwana wawo wawauza kuti azipereka lipoti la pamwezi pa Zoom, pulogalamu ya misonkhano ya pavidiyo, kwa anzawo a m'maofesi ena, koma akangoyamba aliyense amatseka kamera ndiye sadziwa ngati pali amene akumvetsera. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, funso lanuli landikhudza chifukwa zimenezi zinandisowetsa mtendere mu 2020 Covid-19 itatitsekera m'nyumba. Ndinkaphunzitsa anzanga akuntchito, pa sikirini pali timabokosi takuda tokhala ndi mayina basi, ndikafunsa kuti pali funso kuli zii, ndifunsenso kuli zii, mpaka tsiku lina wina anasiya mic yake yotsegula ndiye tonse tinangomva madzi akutuluka pampopi, mbale zikugundana, mwana akuitana kuti amama, ine ndili mkati mofotokoza za bajeti. Aliyense anamva, palibe anayankhula. Ndinapsa mtima osati masewera.

Koma lero ndikuuzeni mosabisa, kamera yotseka si mwano ayi. Jeremy Bailenson wa ku Stanford University analemba mu 2021 zifukwa zomwe misonkhano ya pavidiyo imatopetsera anthu, ndipo chimodzi mwa izo n'chakuti umangodziona nkhope yako nthawi yonse ngati wina akukutsatira ndi galasi tsiku lonse. Ena akusunga data poti vidiyo imadya kwambiri kuposa mawu, ena netiweki yawo ikudukaduka. Asiyeni atseke.

Chimene sindingakhululuke ndi munthu amene wadzaza slide, tsamba loonetsa anthu pa sikirini, ndi ndime zitatu za tizilembo ting'onoting'ono kenako n'kumatiwerengera mzere ndi mzere. Bwanji osangotitumizira pa imelo tiwerenge tokha? Ena akuonera pa foni, tizilemboto sakutiona n'komwe! Anthu otere ndi amene anatiphunzitsa kutsuka mbale msonkhano uli mkati. Ndipo ine ndimati Zoom yaulere ija yomwe imadula msonkhano pakatha mphindi 40 inachita bwino, ena akanakhala kuti sadulidwa bwenzi tikugona pomwepo. Za amene amalowa mochedwa n'kunena kuti tibwerere poyamba, tidzakambirana tsiku lina.

Ndiye mutani?

Yambani ndi mawu, chithunzi chibwere pambuyo. Anthu amapirira vidiyo yosaoneka bwino koma mawu akamadukaduka amakusiyani, choncho valani ma earphone okhala ndi mic ndipo lowani msanga muyese ngati mukumveka. Zenera kapena getsi likhale kutsogolo kwanu, likakhala kumbuyo mumangooneka chimthunzi. Laputopu muikweze kuti kamera ikhale molingana ndi maso, ndipo pa mfundo yaikulu muziyang'ana m'kamera momwemo osati nkhope za pa sikirini. Nkhope yanu ikamakusokonezani dinani Hide Self View, enawo azikuonanibe. Pochita share, kutanthauza kuonetsa anzanu zimene zili pa sikirini yanu, sankhani windo la ma slide lokha, osati sikirini yonse, kuopa kuti uthenga wa WhatsApp ungatulukire pamaso pa abwana.

Funso loti "pali funso?" lisiyeni. Auzeni poyambirira kuti muzitchula mayina, kenako pakapita mphindi zingapo tchulani munthu m'modzi mumufunse za ofesi yake, kapena onse alembe yankho mu chat. Mukafunsa dikirani, werengani chamumtima mpaka 10, chifukwa mawu amachedwa kufika komanso munthuyo akufufuza kaye batani la unmute.