Za filimu ya infrared ndi fyuluta ya R72 pa Pentax K1000

Achimwene, pa funso lanu lojambula filimu ya infrared (yojambula kuwala kosaoneka ndi maso): kamera ya K1000 yanuyo ndi fyuluta ya R72 zimagwirizana bwinobwino, musaope. Koma yambani mwadziwa amene adzakutsukireni filimuyo, chifukwa ine mpaka lero mtima umandiwawa.

Filimu ya Rollei Infrared 400 ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg, alamu anga ndiwo anabwera nayo pa basi, mtengo wake tisaukambe. Ndinapita nayo ku Mulanje m'minda ya tiyi muja dzuwa likuswa mtengo, poti infrared imafuna dzuwa lamphamvu kuti masamba atuluke oyera, kumwamba kuli bii. Fyuluta ija imatchinga kuwala kosafika 720nm, ndiye kuti pafupifupi kuwala konse kooneka ndi maso, ukangoimanga m'kamera mumaoneka mdima wokhawokha. Ndiye chithunzi chilichonse kumasula fyuluta, kufokasa, kusunthira lenzi pa kachizindikiro kofiira ka infrared ka pa lenzipo, kumanganso, kenako kudina kamera ili pa tripod. Thukuta lili kamukamu.

Nditabwerera ndinakaisiya ku situdiyo ina m'tauni. Ndinawauza pakamwa, pa envelopu ndinalembanso: YAKUDA NDI YOYERA, MUSAIKE M'MAKINA A KALA. Mnyamata wa pakauntala akuti "bwana musatiphunzitse ntchito." Tsiku lokatenga anangondiponyera negetivu itakulungidwa, maso ali pa foni. Ine kuitambasula pakhomo pomwepo, kuyang'anitsa padzuwa... mbee! Kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngati pulasitiki yokutira makope. Ndi manambala a m'mphepete omwe osaoneka. Manja anandinjenjemera. Anaiika mu C-41, mankhwala otsukira filimu ya kala, anthu aja, ndipo bleach ya mmenemo imachotsa siliva yense, pomwe chithunzi cha filimu imeneyi ndi silivayo basi. Mnyamata uja akuti "kamera zakalezi sizijambula bwana." Bodza lamkunkhuniza! Kamera ikapanda kujambula manambala amatulukabe, aja amawaika kufakitale. Abwana ake kutuluka mkatimo, m'malo mopepesa akuti ndalama yotsukira sabweza. Anthu opanda ndi manyazi omwe, kumangovomera ntchito yomwe sakuidziwa.

Za kajambulidwe: 400 yalembedwa pa bokosiyo muiiwale mukamanga R72, muziwerengera ngati ISO 6 kapena 12. Mita yoyezera kuwala ya m'kamera musaikhulupirire fyuluta ili pomwepo. Padzuwa yambirani f/11 ndi 1/15, kenako jambulani china mowonjezera kuwala, china mochepetsa. Filimu muziika ndi kuchotsa m'nyumba mwamdima, chifukwa ya Rollei kuwala kumatha kulowera ku kamchira ka filimu kotulukira kunja kaja n'kuwononga zithunzi zoyambirira. Filimu ina ya Ilford SFX 200 siivuta kwambiri, koma imathera cha pa 740nm, masamba sayera kwenikweni. Filimu ya Kodak HIE analeka kupanga mu 2007, zotsala zomwe amagulitsa pa intanetizo n'zodula ndipo zakalamba, zisiyeni.

Ndaona ena akuti mugule tanki ndi mankhwala a Rodinal muzitsuka nokha. Inde, komabe ulendo woyamba uno ine ndikuti perekani kwa otsuka, musaphunzirire kukulunga pa reel ya m'tankimo ndi filimu yodula chonchi, ya Rollei ndi yopyapyala, imavuta. Kungoti muwafunse mankhwala amene amagwiritsa ntchito. Akatchula D-76, ID-11 kapena Rodinal, omwe ndi mankhwala a filimu yakuda ndi yoyera, asiyireni. Akayamba kukanda m'mutu, tengani filimu yanu muzipita.