Tifunseni za Ulimi: Andiitana kukayang'anira famu ya ng'ombe ku Botswana

FUNSO: Zikomo achimwene a tsamba lino. Ine ndine mnyamata wa ku Ngabu, ndinakulira kubusa ndipo za ziweto ndinaziphunziranso kusukulu mpaka dipuloma. Nde mlamu wanga amene amayendetsa thiraki wandipezera ntchito ku Botswana kufupi ndi tauni ya Ghanzi, akuti ndikakhale manijala wa famu ya ng'ombe zanyama, malo ake mahekitala 6,400 ng'ombe zilipo 600 koma mwini wake akufuna zifike 900 pakutha pa zaka ziwiri, iyeyo amakhala ku Gaborone amangobwera mwa apo ndi apo. Ine mantha ndilibe chifukwa ng'ombe ndi ng'ombe basi kulikonse, koma madamu akuti ndifunse kaye kwa odziwa. Ndiyambire pati? Wanu, mwana wa ku Chigwa.

YANKHO: Achimwene, alamu athuwo, madamu anuwo, muwagulire chitenje chifukwa akupulumutsani. Mawu oti ng'ombe ndi ng'ombe kulikonsewo ndi amene ndikufuna muwasiye pa boda. Ine ndinakhalako zaka zitatu chigawo chomwecho pa famu ina, ndinapita ndi mtima ngati wanuwu ndipo chaka choyamba chinandichititsa manyazi.

Tiyambe ndi 900 yo. Ku Ghanzi ndi ku Kalahari, mchenga wokhawokha, mvula imagwa pafupifupi mamilimita 400 pachaka ndiye chikhale chaka chabwino, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kenako zii. Kulibe Shire, kulibe dambo loti mukathawitsireko ziweto mu Okutobala ngati mmene timachitira kwathu. Udzu umene wamera ndi mvula imeneyo ndi womwewo umene ng'ombe zidye mpaka mvula ina. Alimi akumeneko amawerengera kuti ng'ombe imodzi yaikulu imafuna mahekitala 12 mpaka 15, pena kuposa. Tengani foni yanu mugawe 6,400 ndi 15, mupeza 426. Ngakhale mugawe ndi 12 mungofika 533. Ndiye kuti 600 zilipozo zadzadza kale, 900 yo ndi maloto a munthu wokhala mu ofesi ya ziziziritsa ku Gaborone, ndipo tsiku limene zidzayambe kugwa ndi njala wolakwa adzakhala manijala wachimalawi uja, osati iye. Muuzeni musanasayine chilichonse, mwaulemu koma momveka, kuti nambala ya ng'ombe mudzainena mukayenda famu yonse ndi mapazi ndi kuona msipu.

Kwathu khola likadzadza timati munthu walemera, kugulitsa ng'ombe mpaka pagwe maliro kapena fizi ivute. Abotswana nawonso ng'ombe amazikonda kutiposa ife, koma pa famu ya bizinesi chimene chimalowetsa ndalama ndi makilo, ndi kuchuluka kwa ana amene asiya kuyamwa ali amoyo. Zazikazi 300 zikakupatsani ana 150 pachaka ndiye kuti theka likungodya udzu waulere. Famu yoyenda bwino imafuna ana 75 kapena 80 pa zazikazi 100 zilizonse. Bere la ng'ombe ndi masiku pafupifupi 283, choncho nkhunzi muzizilowetsa cha mu Januwale mpaka Malichi kuti ana abadwe mvula ikuyamba, nkhunzi imodzi pa zazikazi 25, kenako muitane dokotala wa ziweto adzapime zazikazizo, yopanda bere kawiri kotsatizana ikwere lole basi ngakhale ikhale yokongola bwanji. Izi zimawawa poyamba. Ine inandipweteka mtima ina yofiira yofatsa imene inkabwera kudzanunkhiza thumba langa, koma inapita.

Tsopano madzi, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Madzi onse a famu yanu adzachokera pa mjigo, pampu ya dizilo kapena ya sola, kupita mu thanki, kupita mu zomwera. Ng'ombe imodzi nthawi yotentha imamwa malita 50 patsiku, yoyamwitsa kuposa apo, ndiye 600 ndi malita 30,000 tsiku lililonse, Sande ndi Khirisimasi yomwe. Pampu yanga inafa Lachisanu masana mu Okutobala, kachitsulo kakang'ono koti mungakabise m'dzanja, sipeya kulibe, netiweki mpaka ukwere pa thanki. Pofika Loweruka madzulo ng'ombe zinali zitazungulira chomwera chouma zikulira kulira kwina kwake kosasa kumene sindinakumvepo kwathu, zina zikunyambita simenti, ana akupondedwa, ine ndili pakati ndi sipanala osadziwa ndigwire pati. Anandipulumutsa ndi neba amene anatsegula geti kuti zikamwe kwake. Choncho tsiku loyamba lenileni funsani kuti mjigo ndi wakuya bwanji, umatulutsa malita angati pa ola, thanki imasunga madzi a masiku angati. Ikhale ya masiku atatu kapena kuposa, kwa inu ndi malita 90,000. Madziwo mulawe ndi lilime lanu chifukwa mijigo ina kumeneko ndi yamchere. Masipeya a pampu agone m'nyumba mwanu, ndipo neba mukamuone sabata yoyamba musanamufune.

China chimene kusukulu mwina anangochitchula podutsa. Mchenga wa Kalahari ulibe phosphorus wokwanira, mchere wofunika m'thupi pomanga mafupa, udzu wake nawonso ulibe, nde ng'ombe zimayamba kulakalaka mafupa. Mudzaona msoti uli chiimire ukutafuna fupa la nyama yakufa kalekale kapena chigoba cha kamba, dovu lili chuchuchu, mudzaseka. Musaseke. M'mafupa owolawo ndi mmene muli poizoni wa botulism, azungu a Chiafrikaans amati lamsiekte, ng'ombe imayamba kufooka miyendo yakumbuyo, kugona, lilime panja, kufa. Mankhwala ake ndi kupewa: katemera chaka chilichonse, zonyambita za mchere wosakaniza ndi dicalcium phosphate, ufa wokhala ndi phosphorus uja, zisamathe m'zodyera, ndipo nyama iliyonse yofera kutchire muziitentha kapena kuikwirira. Bwana akadzati zonyambita zikudula tisiye kaye miyezi iwiri, mukane. Katemera wa matenda ena akupha ng'ombe, anthrax ndi blackleg, nayenso asadumphe.

Palinso kachitsamba kotchedwa mogau m'madera ena amchenga, kamaphuka kobiriwira bwino mvula isanagwe pamene china chilichonse chili gwaa, ng'ombe ikadya kenako n'kumwa madzi kapena kuthamangitsidwa imangogwa n'kufa, mtima kuima. Inu simungakazindikire. Amene akukadziwa ndi abusa, kumeneko amati badisa, ndipo apa ndi pamene dipuloma muyenera kuiika m'thumba. Ambiri ogwira ntchito m'mafamu a ku Ghanzi ndi anthu a mtundu wa San olankhula Chinaro, ena Bakgalagadi, ena Aherero, anthu oti akayang'ana pamchenga amakuuzani kuti apa padutsa ng'ombe yotsimphina mwendo wakumanzere dzulo madzulo ndipo fisi amaitsatira. Anthuwa akhala akunyozedwa ndi kulipidwa mochedwa kwa zaka zambiri, nde akaona bwana watsopano wobwera amangokhala chete n'kumakuonerani mukulakwitsa. Malipiro awo azifika tsiku lake, phoso lisachedwe, phunzirani kupereka moni, Dumela rra kwa bambo, Dumela mma kwa mayi, ndipo muzifunsa ngati mwana. Chitswana sichovuta kwa ife, ng'ombe ndi kgomo, madzi ndi metsi, mvula ndi pula dzina lomwenso la ndalama yawo.

Za mapepala. Botswana imagulitsa nyama ku Ulaya ndipo ulimi wa ng'ombe wa dzikolo unamangidwa mozungulira msika umenewo. Bungwe la Botswana Meat Commission, aliyense amangoti BMC, linakhazikitsidwa mu 1965 dziko lisanalandire n'komwe ufulu, ndipo malo ake aakulu ophera ng'ombe ali ku Lobatse, makilomita oposa 600 kuchokera kumene mukupitako. Kale ng'ombe za ku Ghanzi zinkayenda wapansi milungu ingapo kudutsa chipululu kukafika kumeneko, pano ndi malole pa msewu wa Trans-Kalahari. Dziko analidula zigawo ndi mipanda ya waya ya azaumoyo wa ziweto kuti njati, zimene zimasunga matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, zisakumane ndi ng'ombe zopita ku Ulaya. Inu a ku Chigwa nkhani ya njati za ku Lengwe ndi kutsekedwa kwa misika ya ng'ombe mukuidziwa, kungoti uko samasewera nayo ngakhale pang'ono. Kumpoto kwa Ghanzi kuli mpanda wa Kuke, kuseri kwake ndi Ngamiland, kumene mu 1995 kunabuka matenda a m'mapapo ndipo boma linapha ng'ombe zonse za chigawocho, pafupifupi 320,000. Zonse. Ndiye wina akadzakuuzani kuti kuli ng'ombe zotchipa cha ku Maun, tauni ya ku Ngamilandko, tizilowetse usiku, muthaweni ameneyo. Ngakhale kanyama kaiwisi ka ndiwo m'galimoto amalanda pa geti mukamachokera kumpotoko.

Ng'ombe iliyonse imavala ndolo ya nambala imene ili mu kompyuta ya boma, dongosolo lake amalitcha BAITS, kuphatikizapo chidindo cha mwini pachikopa, ndipo siyingachoke pa famu popanda pemiti. Yopita ku msika wa ku Ulaya imayenera kukhala masiku 40 pa famu yomaliza isanakaphedwe, ndipo mankhwala okulitsa ng'ombe msanga aja ndi oletsedwa. Buku lanu ndi kompyuta ya boma zizinena chimodzi. Mwana akabadwa lembani, ikafa lembani ndipo ndoloyo sungani, jambulani ndi foni mutumizire bwana tsiku lomwelo. Kuba ziweto ndi mlandu waukulu kwambiri kumeneko, ndipo ng'ombe khumi zikasowa m'buku woyamba kumuloza chala ndi mlendo. Pa chifukwa chomwecho musalandire famu ndi mawu apakamwa oti zilipo 600. Zilowe mumpanipani imodziimodzi inu ndi bwana muli pomwepo, muwerenge, musayinirane. Ine anandiuza nambala ina, titawerenga zinaperewera 31.

Kanthu kena koseketsa koma ka ndalama: chimbudzi. Munthu wa njoka zam'mimba zija zaphanthiphanthi akadzithandiza kutchire, ng'ombe n'kudya udzu wa pamenepo, nyama yake imatuluka timatuza toyera, ku BMC amati measles, ndipo mtengo wa ng'ombe yonseyo umagwa. Kumbani zimbudzi pamalo ponse pogona abusa ndipo onse, inu nomwe, muzimwa mankhwala a njoka.

Zotsalazo mudzaziphunzira konko. Mitundu ya ng'ombe mudzapeza Brahman, Tswana, Tuli, Bonsmara ndi zosakaniza ndi Simmental, musathamangire kusintha mtundu chaka choyamba. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaume. Jekete yeniyeni mutenge, mu Juni ndi Julaye madzi amaundana m'zomwera usiku, mwana wa ku Ngabu mudzalira. Ndipo musanyamuke pemiti yogwirira ntchito isanatuluke, zoti bwerani kaye tidzakonza konkuno ayi.

FUNSO: Amuna anga ali pa famu ina ku Botswana komweko chaka chachiwiri tsopano, abwana awo anati malipiro ena aziwapatsa ana a ng'ombe asanu pachaka m'malo mwa ndalama. Iwo akusangalala akuti tili ndi ng'ombe khumi koma ine sindinaonepo ngakhale chithunzi. Kodi zimenezi n'zoona? Mayi wa ku Mponela.

YANKHO: Mayi, kulipira ndi ziweto kumachitika ndithu ndipo pena bambo akhoza kupindula kuposa ndalama. Koma afunseni funso limodzi lokha: ng'ombe khumizo zili ndi chidindo cha ndani, ndipo mu kompyuta ya boma zalembedwa dzina la ndani? Ngati ndi la abwana ndiye kuti ndi za abwana, bambowo akungoziweta. Tsiku lokangana adzachoka ndi chikwama chokha. Njira yosavuta ndi yoti alemberane kalata yosayinidwa ndi mboni, manambala a ndolo khumiwo alembedwe, ndipo pakhale mawu oti chaka chilichonse pogulitsa ng'ombe za famu zawozo zigulitsidwe nawo limodzi, ndalama ilowe ku akaunti yawo. Abwana achilungamo sangakane zimenezi. Akayamba kuzungulira mwadziwa kale yankho. Chithunzicho atumize ndithu, ndolo zikuoneka.

FUNSO: Ndikumaliza kontirakiti mu Disembala, ndikufuna kubwera ndi nkhunzi imodzi ya Brahman kumudzi ku Mzimba kuti ikakonze mtundu wa ng'ombe za bambo anga. Ndingaidutsitse bwanji? Wokhala ku Francistown, ku Botswana.

YANKHO: Akulu, maganizo abwino koma njira yake ndi yodula kuposa nkhunziyo. Pamafunika chilolezo cha azaumoyo wa ziweto a ku Malawi musanaigule n'komwe, china cha ku Botswana, china cha dziko lililonse limene lole idutsemo, kupima magazi, ndi kuisunga payokha masiku angapo. Zonsezo zitatheka, ku Mzimba ikakumana ndi nkhupakupa zofalitsa East Coast fever, matenda amene ng'ombe yokulira kouma ngati kumeneko sinawaonepo, pamene tizebu ta bambo anuto tinabadwira momwemo. Mwezi umodzi kapena iwiri mukhoza kuidya ndiwo mukulira. Bwerani ndi ndalamazo, mukafunse alangizi a ziweto a kwanu komwe mungapeze nkhunzi ya magazi a Brahman yobadwira konkuno, chenji mugulire mankhwala opopera nkhupakupa a chaka chonse ndi waya wokonzera khola.