Kodi Mbalame ya Zikhadabo M'mapiko Ndi Yeniyeni?

Amayi ena amene amaphunzitsa kusukulu ya pulayimale anditumizira imelo sabata ino. Akuti ophunzira awo anawaonetsa chithunzi cha mwana wa mbalame akukwera mtengo ndi zikhadabo za m'mapiko, ndipo akufuna kudziwa ngati mbalameyo ndi yeniyeni kapena ndi zopeka za pa kompyuta. Apemphanso kuti nditchule mbalame zina zachilendo zoti akafotokozere anawo.

Amayi, mwachita bwino kukayika, chifukwa masiku ano zithunzi zabodza zachuluka pa intaneti, koma chimenechi chikuonetsa mbalame yeniyeni. Dzina lake ndi hoatzin, imakhala m'madambo a m'mbali mwa mitsinje ya Amazon ndi Orinoco ku South America, ndipo dziko la Guyana linaisankha kukhala mbalame yoimira dzikolo. Imamanga chisa panthambi zolendewera pamwamba pa madzi, choncho nyani kapena mphamba akafika, anawo amadziponya m'madzi n'kusambira, ndipo mdani akachoka amakweranso mtengo pogwiritsa ntchito zikhadabo ziwiri zimene zili pa phiko lililonse. Akakula zikhadabozo zimatha ntchito.

Komabe kwa ine chodabwitsa chachikulu cha hoatzin si zikhadabozo ayi, koma kadyedwe kake. Mbalameyi imadya masamba, chakudya chimene mbalame zambiri sizingakhalire moyo, ndipo imatha kutero chifukwa chithokomiro chake ndi chachikulu kwambiri komanso muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa masambawo, monga zimachitikira m'mimba mwa ng'ombe. Zimenezi zili ndi mtengo wake. Chithokomirocho chinalanda malo a minofu youlukira ya pachifuwa, moti hoatzin imauluka movutikira, ndiponso imanunkha ngati ndowe, n'chifukwa chake alenje ambiri a kumeneko saifuna ngati ndiwo.

Mukawauza anawo za mbalame zoterezi, ndikupempha kuti musangowatchulira zodabwitsa zokha, koma muziwafunsa kuti khalidwe lililonse likuithandiza chiyani mbalameyo pamalo pamene imakhala. Chitsanzo chabwino ndi kakapo wa ku New Zealand, chinkhwe cholemera kuposa zinkhwe zonse, chimene chimatha kufika makilogalamu 4, sichiuluka, ndipo chimayenda usiku ngati kadzidzi. Kalekale kuzilumbazo kunalibe nyama zapansi zolusa, adani ake anali mbalame zosaka ndi maso kuchokera m'mwamba, choncho kakapo anazolowera kuima chilili osagwedezeka kuti nthenga zake zobiriwira zisokonezeke ndi tchire. Anthu atabwera ndi makoswe, amphaka ndi tinyama tina tofanana ndi likongwe timene timasaka ndi fungo, nzeru yomweyo inasanduka msampha, pakuti mbalame yonunkhira imene yaima phee ndi yosavuta kuigwira. Pofika 1995 kunatsala akakapo 51 okha. Lero apitirira 200, ndipo amasungidwa pazilumba zopanda adani monga Whenua Hou, kumene aliyense ali ndi dzina lake. Kuchulukana kwawo n'kwapang'onopang'ono chifukwa amaswana pokhapokha mitengo ya rimu ikabereka zipatso zambiri, zimene zimachitika patapita zaka ziwiri mpaka zinayi.

Ku New Guinea kuli mbalame yotchedwa pitohui imene nthenga ndi khungu lake zili ndi poizoni wofanana ndi wa achule ena a ku Colombia. Asayansi anazilengeza mu 1992, ngakhale kuti eni dera ankadziwa kale kuti mbalameyo imawawa m'kamwa. Ku Cuba nako kuli kambalame kochepetsetsa padziko lonse, kolemera pafupifupi magalamu awiri okha.

Musaiwale kuti zachilendo zina zili pakhomo pomwe. Nsadzu, imene imatsogolera anthu kumene kuli njuchi, ndi imodzi mwa mbalame zimene akatswiri akunja amachita nazo chidwi kwambiri. Mu 2016 wofufuza wina, Claire Spottiswoode, ndi anzake anasonyeza kuti ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique, ofula njuchi achiyao akamaitana mbalameyi ndi kamvekedwe kawo kapadera, mwayi wopeza njuchi umakwera koposa katatu poyerekeza ndi pamene akungopanga phokoso wamba. Munthu amatenga uchi, mbalame imadya phula. Koma nsadzu yomweyi ili ndi mbali ina imene sindingaibise: simanga chisa, imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, ndipo mwana wake amaswedwa ali ndi mlomo wokhala ndi ngowe zakuthwa zimene amaphera nazo ana a mwini chisa, iye asanayambe n'komwe kupenya. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana amene agogo ake amafula njuchi, mumutume akawafunse mmene ankaitanira nsadzu kwawoko, chifukwa kaitanidwe kake kamasiyana malinga ndi dera.