Funsani Dokotala: Kodi zitsamba zingachize psoriasis?

Funso: Adokotala, kwa zaka zitatu ndakhala ndi zigamba zoyabwa m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu, ndipo kuchipatala anandiuza kuti ndi psoriasis. Mnzanga akundilimbikitsa kuti ndisiye mafuta a kuchipatala, ndiyambe kupaka madzi a masamba ndi kumwa mizu yowiritsa. Kodi ndingachire?

Yankho: Psoriasis si chipere ndipo sapatsirana. Amayamba pamene chitetezo cha m'thupi chikufulumizitsa kakulidwe ka khungu, kotero kuti maselo amene amatenga pafupifupi mwezi kuti afike pamwamba amafika m'masiku ochepa chabe, n'kumaunjikana ngati mamba. Mpaka lero palibe mankhwala, kaya a kuchipatala kaya a zitsamba, amene amathetseratu matendawa. Chomwe timatha ndi kuwagonetsa kuti khungu likhale bwino kwa nthawi yaitali.

Sindinyoza zomera, chifukwa mankhwala ena amene ife madokotala timalemba anachokera komweko. Mankhwala opaka a psoriasis otchedwa dithranol anapangidwa potsanzira chrysarobin, mankhwala ochokera mu ufa wa mtengo wa araroba wa ku Brazil, ndipo psoralen, amene amaperekedwa limodzi ndi kuwala kwa UVA (kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapezekanso m'dzuwa), amapezeka m'chomera cha Ammi majus chimene anthu a ku Egypt ankagwiritsa ntchito kalekale pa matenda a khungu. Kusiyana kwake n'koti kuchipatala mlingo umayezedwa, pamene m'madzi owiritsa kunyumba palibe amene angadziwe mphamvu yake. Masamba a mkuyu wa mtundu wa Ficus carica ali ndi psoralen yemweyo, ndipo anthu amene anapaka madzi ake n'kukhala padzuwa anapsa mpaka kutuluka matuza. Kwa munthu wa psoriasis zimenezi n'zoipa kawiri, pakuti pamalo pomwe khungu lavulala pamatha kumera chigamba chatsopano.

Mwa zopaka zimene zinayesedwa, mafuta a aloe vera, a chomera cha Mahonia aquifolium ndi a indigo naturalis (ufa wabuluu wochokera ku zomera) anathandiza anthu ena amene matenda awo sanali aakulu, ngakhale kuti kafukufuku wake anachitika pa anthu ochepa. Ngati mukufuna kuyesa aloe vera, yambani pa kachigawo kakang'ono ka khungu kwa masiku angapo, mupitirize mankhwala a kuchipatala, ndipo muwauze adokotala anu.

Zakumwa ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Zitsamba zina zimawononga chiwindi, ndipo ngozi imakula kwa munthu amene akumwa methotrexate, mankhwala a psoriasis amene nawonso amalemetsa chiwindi. Chenjeraninso ndi mafuta olembedwa kuti ndi achilengedwe amene amachotsa zigamba m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa ena atapimidwa anapezeka kuti anasakanizidwa mobisa ndi ma steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) amphamvu ngati clobetasol, amene amapepusa khungu, ndipo akasiyidwa mwadzidzidzi matenda amatha kubwerera ndi ukali, nthawi zina ndi timatuza ta mafinya.

Pakali pano pakani mafuta ofewetsa khungu tsiku lililonse, pewani kukanda, fodya ndi mowa. Mukaona kuti khungu lafiira thupi lonse, mukutentha thupi, kapena zala ndi msana zikuuma m'mamawa, pitani kuchipatala msanga, chifukwa psoriasis amatha kugwiranso molumikizirana mafupa. Ngati matenda akula mwadzidzidzi, ndi bwino kuyezetsanso HIV.