Zoti muwaikire amayi pa fulashi ku Thekerani

Achemwali, funso lanu lija ndaliona. Mwati mwawagulira amayi sola ndi kanema kumudzi ku Thekerani, akukhala ndi zidzukulu zinayi, ndipo mukufuna masewero, makatuni ndi nyimbo zoti muwaikire pa fulashi. Ine ndili kuno ku Chitakale, ndipo chaka chatha ndinawachitira zomwezi azakhali anga, ndiye ndiloleni ndiponyepo mawu.

Chachikulu n'chakuti musankhe nokha. Musakangosiya fulashi kwa anyamata a burning centre pamsika n'kunena kuti tadzazamoni za ana. Ine ndinatero. Tsiku lina madzulo ndinapeza ana asanu ndi awiri ali ndwii pamkeka, ena a nyumba zoyandikana, azakhali ali pakhomo akusankha nandolo m'lichero, mtima uli m'malo poti ana akuonera zidole. Nditayang'ana pa kanemapo thupi linachita tsembwe. Inali Family Guy, ndipo zimene zinkachitika pamenepo si zoti mwana wa sitandade 3 n'kuona. Mnyamata amene anaikayo sanachite dala. Kwa iye chilichonse chojambulidwa n'cha ana basi.

Dziwani kuti makatuni ena a ku America anapangidwira akuluakulu. The Simpsons inayamba mu 1989, South Park mu 1997, Family Guy mu 1999, ndipo onsewa nthabwala zake ndi za ndale, mowa ndi za kuchipinda. The Simpsons ine ndimaikonda, imadziwa kuseka mabwana ndi andale mwanzeru, koma ndimaonera ndekha pafoni. Musadzinamize kuti ana sakumva Chingerezi. Makutu akalephera, maso amatola.

Ana apatseni Tom and Jerry. Anayamba mu 1940 koma mpaka lero sanakalambe, ndipo poti mphaka ndi khoswe uja salankhula kwenikweni, agogo ndi kamdzukulu ka zaka zitatu amasekera pamodzi. Muonjezerepo Ubongo Kids ndi Akili and Me a ku Tanzania, amene amaphunzitsa masamu, sayansi ndi kuwerenga kudzera m'nyimbo. Kamtsikana ka azakhali kanayamba kuwerengera nkhuku polowa m'khola chifukwa cha amenewa.

Tibwere ku masewero. Pakhomo pa amayi pasasowe Tikuferanji. Manganya uja, a Michael Usi, ndi mwana wa kuno ku Mulanje, ndipo anthu anawadziwira m'sewero limeneli zaka zambiri asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024. Chimene ndimalikondera n'chakuti nkhani zake ndi za pakhomo pathu: matenda a Edzi, nkhanza za m'banja, atsogoleri odyera anthu masuku pamutu. Umaseka, koma ukamakagona nkhani ija imakutsata. Mukapeza Izeki ndi Jakobo, tengani onse amene alipo. A John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, a Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, ndipo kwa ine palibe awiri ena amene anafikapo pa kalankhulidwe kawo. Ankakangana ngati anthu amene mwakwera nawo minibasi ya ku Limbe, osakuwa, osadzikakamiza, koma nthiti kuwawa.

Za mafilimu a ku Nigeria, India ndi Philippines omasuliridwa ndi ma DJ, sindinena kuti n'zoipa. Ma DJ ena ali ndi luso ndithu, ndipo ndi iwowa amene achititsa kuti amayi a kumudzi azitsata nkhani ya kutsidya kwa nyanja kuyambira poyamba mpaka pothera. Vuto ndi lakuti ena amathiramo mawu awo olaula pofuna kusangalatsa anyamata a ku video show. Chinanso, masewero amenewa magawo ake satha, ndipo mwana akakodwamo, homuweki ndi kotunga madzi zimaiwalika. Ikani limodzi lokha, ndipo muyambe mwalionera nokha magawo angapo.

Koma pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa nyimbo. Amayi anuwo ndi a ku Thyolo, ndiye musaiwale Allan Namoko. Anali wa komweko, wosaona, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu, ndipo anamwalira mu 1995. Zojambulidwa zake n'zakale, zina zimamveka ngati wailesi ya mabatire ofooka, koma musazitaye chifukwa cha zimenezo. Tsiku limene ndinawaikira azakhali nyimbo zake, anasiya mthiko mumphika n'kukhala pansi pakhonde. Anayamba kuimba nawo motsitsa, mawu onse ali m'mutu, kenaka anandiuza kuti malemu amuna awo ankakweza wailesi nyimbo zimenezi zikayamba, pobwera kothyola tiyi ku esiteti. Tinadya nsima mochedwa usiku umenewo, ndipo nkhani zimene anatisimbira ine ndinali ndisanazimvepo chibadwire. Mawu a Namoko ali ndi chisoni cha munthu amene umphawi ndi umasiye anazidziwa pafupi, koma banjo yake imakudzutsa kuti uvine. Palibe woimba wa lero amene angawapatse amayi zimenezo.

Pambali pake ikanipo Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, makamaka zija anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020. Zimenezo agogo ndi zidzukulu amakumanirapo. Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka, Soja Lucius Banda amene anatisiya mu June 2024, Evison Matafale ndi Black Missionaries a ku Chileka, onsewa safuna kuwachitira umboni. Ngati amayi ndi a Mvano kapena a Dorika, makwaya akhale ndi foda yawoyawo, yosavuta kuipeza m'mawa. Ndipo mukapeza kanema wa tchopa wojambulidwa pa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, ameneyo ndiye adzaitanitsa mudzi wonse.

Achinyamata musawamane zawo. Driemo ndi Eli Njuchi amaimba bwino, ine ndimawamvera. Kungoti nyimbo za masiku ano zambiri ndi bwino kuika zomvera zokha, poti mavinidwe a m'makanema ena amachititsa manyazi munthu ukakhala ndi apongozi. Kumene mukaikitseko, funsani ngati ali ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za oimba ndi aluso ena, kuti oimbawa nawonso apezepo kangachepe.

Kumbukiraninso chiperoni. Mu June ndi July dzuwa limatha masiku osaoneka kuno kwathu, batire ya sola n'kufooka, kanema osayaka. Muwagulire kawailesi kolowa memori khadi, muikemo nyimbo zonse zija padera, kuti azinyamula popita kudimba. Rimoti izikhala ndi amayi, osati ndi mdzukulu wamkulu.

Mukapita kukasiya, musafulumire kubwerera tsiku lomwelo. Gonani, mukhale nawo pamkekapo usiku woyamba, muwasonyeze pobonya. Mukabwerako mudzatiuze m'gulu muno nyimbo imene amayi anayamba kuimba nawo.