Galu wanu sanachokere kwa mimbulu ya ku Luangwa

Amalume, mwafunsa ngati n'zoona kuti galu anachokera kwa mmbulu, komanso ngati mugule kagalu kamene munthu wina ku Kabwata akuti atate ake ndi mmbulu. Agalu ndawaweta kuyambira ndili mwana, ndiye nkhaniyi imandikhudza.

Chisokonezo chili pa dzina. Ife tikati mmbulu timanena nyama ya mawanga akuda, achikasu ndi oyera, ya makutu aakulu obulungira, imene imasaka m'gulu ku South Luangwa ndi ku Kafue. Koma m'mabuku dzina lomweli amatchuliranso nyama ina, imene Azungu amati wolf, ya ku Ulaya, Asia ndi North America. Kuno ku Zambia m'tchire mulibe. Galu anachokera kwa wolf ameneyu, zaka zosachepera 15,000 zapitazo, anthu asanayambe n'kulima komwe. Mpaka lero galu ndi wolf amatha kuberekana, ndipo onse bere lawo limatenga masiku pafupifupi 63.

Mmbulu wathu ndi wachibale wa patali, sangabereke ndi galu. Gwirani mwendo wakutsogolo wa galu wanu muone: pamwamba pang'ono pali kachala kachisanu kosafika pansi. Mmbulu wa ku Luangwa alibe, zala zake n'zinayi basi. Nkhandwe nayo ndi ya m'banja la agalu. Fisi ayi, ngakhale amaoneka ngati galu. Iye ubale wake uli kumbali ya amphaka.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya chakudya. Kwathu ku Mtendere, madzulo ndikamakokota mphika wa nsima, galu wanga amakhala pakhomo la khichini, maso ali pankhope panga, osati pamphika. Amadziwa kuti chakudya chimachokera kwa munthu. Ndipo mkute uja amaugaya bwinobwino, chifukwa m'mibadwo yambiri yokhala ndi alimi, thupi la galu linazolowera zakudya zaufa kuposa la wolf. Si kuti nsima yokha ikwanira, amalume. Muziikako kapenta, mutu wa nsomba kapena zotsala za nyama, apo ayi ubweya umayamba kuthothoka.

Kusiyana kwina n'kwakuti wolf wamkazi amabereka kamodzi pachaka, pomwe agalu ambiri amafuna amuna kawiri. Wolf sauwauwa ngati galu, amakonda kulira motalika, ndipo amathawa anthu. Ndiye ngakhale akanakhalapo weniweni, pa geti sangakulondereni bwino.

Za kagalu ka ku Kabwata, musapereke ndalama zowonjezera chifukwa cha mawu amenewo. Ndikuganiza kuti ndi galu wa mtundu wa German Shepherd kapena husky wosakanizika ndi mtundu wina. Makutu oimirira ndi ubweya wotuwa si umboni. German Shepherd ndi galu ngati ena onse, mtundu wake unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899.

Funso loyenera kumufunsa wogulitsayo ndi la katemera wa chiwewe. Chiwewe chimapha anthu, ndipo chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Agalu osabayidwa a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango amapatsiranso mimbulu matendawa, gulu lonse n'kutha, chonsecho mimbuluyi yatsala yochepa kale mu Africa muno. Zimenezi zimandiwawa mtima. Muuzeni akuonetseni khadi la katemera la mayi wake wa kagaluko, ndipo mukakatenga, kakakwana miyezi 3 mupite nako kwa dokotala wa ziweto kakabayidwe.